Gombe la anthu onse likalowa m'mapulani a hotela

Kawirikawiri anthu amamva mochedwa. Chidziwitso chimakhala kuti chinatuluka ndithu, koma chinali kapepala ka zilembo zing'onozing'ono komatidwa pamtengo wa magetsi, kapena kabokosi ka kumasamba akumapeto a nyuzipepala, kotchula nambala ya puloti m'malo mwa dzina limene aliyense amadziwira malowo. Anthu amadzidzimuka tsiku limene afika oyeza malo n'kuyamba kukhoma zikhomo pabwalo pamene ana amasewera mpira. Pofika apo masiku operekera maganizo anatha kale, lizi inasainidwa, ndipo kampani ili ndi chikalata chodindidwa m'manja. Mkwiyo wa tsiku limenelo ndi womveka, koma mkwiyo pawokha suimitsa galimoto yonyamula simenti. Pa mikangano ya magombe, wopambana ndi wogonja amadziwikira pamapepala, miyezi yambiri njerwa yoyamba isanayalidwe.

Funso loyamba si lakuti hotelayo ndi yokongola kapena yonyansa. Funso ndi lakuti malowo ndi a ndani, ndipo malire ake akudutsa pati. Chimene anthu amangochitcha gombe, malamulo amachidula zigawo zitatu. Pali mchenga wonyowa, kuchokera m'madzi kufika pamzere umene nyanja imafika ikadzaza. Pali mchenga wouma, pamene anthu amayala nsalu n'kukhala. Ndiye kumbuyo kwake kuli kapinga, njira ya oyenda pansi, malo oimika magalimoto, zimbudzi, mwinanso dziwe losambiramo. Chigawo choyambacho n'chotetezedwa m'mayiko ambiri, ndipo mfundo yake ndi yakale kwambiri: malamulo a Aroma amene anasonkhanitsidwa mu 533, mu ulamuliro wa Mfumu Justinian, ankanena kale kuti mpweya, madzi oyenda, nyanja ndi magombe ake ndi za anthu onse. Mayiko ena anawonjezera mamita pamwamba pa mfundoyi. Lamulo la magombe la ku Spain la 1988 linaika mamita 100 otetezedwa kuchokera kugombe, ndi mamita 6 oti azikhala otsekula kuti anthu azidutsa. France inaletsa kumanga m'kati mwa mamita 100 kunja kwa matauni mu 1986. India inakhwimitsa malamulo a zomanga m'kati mwa mamita 500 mu 1991. Ku South Africa, lamulo la 2008 limati boma limangosunga gombe m'malo mwa nzika zonse.

Koma kampani yochenjera sipempha mchenga wonyowa. Imapempha chigawo chachitatu, chimene nthawi zambiri chili m'manja mwa khonsolo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu zochibwereketsa kwa zaka 50 kapena 99. Akuluakulu amaimirira pamsonkhano n'kunena, mosanama konse, kuti gombe silinagulitsidwe. Silinagulitsidwedi. Koma amene wagwira njira yofikira kumchenga wagwiranso mchengawo.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya gulu lotsutsa ndi yotopetsa: kupita ku ofesi yosunga zikalata za malo kukatenga kope la chikalata cha umwini, mapu ake, ndi zonse zolembedwa zosonyeza mmene khonsolo inapezera malowo. Malo ambiri otere anachita kuperekedwa, ndi boma lalikulu kapena ndi munthu amene anamwalira kalekale, ndipo woperekayo anaika mawu akuti azigwira ntchito yakutiyakuti basi. Mawu amenewa amaiwalika, koma mphamvu yake siitha. Ku Chicago, pamapu a 1836 panalembedwa kuti malo a m'mphepete mwa nyanja ya Michigan akhale otsekula mpaka kalekale, opanda nyumba iliyonse. Wamalonda wina, Aaron Montgomery Ward, anagwira mawu amenewo kuyambira 1890, n'kulimbana ndi akuluakulu a mzinda m'makhoti kwa zaka pafupifupi 20. Ambiri ankamunena kuti akutsekereza chitukuko. Malo aja ndi amene lero ali Grant Park. Musanalembe chikwangwani ngakhale chimodzi, wina m'gulu mwanu awerenge chikalata cha umwini mzere ndi mzere, ndi zakumapeto zomwe.

Chachiwiri choti mudziwe n'chakuti kampani sifuna chilolezo chimodzi. Mayina amasiyana dziko ndi dziko, koma makomo ake ndi omwewo: chilolezo chobwereka kapena kugula malo a boma, chosintha ntchito ya malowo kuchoka pa malo opumulirako anthu kukhala a malonda, cha zachilengedwe, ndi chovomereza pulani ya nyumbayo. Pena pamakhalanso cha madzi, cha misewu kapena cha zinthu zakale. Khomo lililonse lili ndi ofesi yake, lamulo lake ndi tsiku lake lomaliza lolandirira madandaulo, ndipo masikuwo amakhala ochepa, milungu ingapo chabe. Kampani iyenera kudutsa makomo onse. Inu mukungofunika kutseka limodzi. Magulu ambiri amathera mphamvu zonse pamsonkhano waukulu wa khonsolo, kumene kuli makamera, pamene tsiku lomaliza la nkhani ya lizi likudutsa mwakachetechete ku ofesi ina. Patsani munthu mmodzi khomo limodzi, akhale ndi kalendala yake, ndipo chilichonse chimene mukupempha ku ofesi muzipempha polemba kalata, n'kusunga kope lodindidwa tsiku limene ailandira. Pa lizi funsani zinthu zitatu: kodi makampani ena anapatsidwa mwayi wopikisana nawo, ndani anawerengera mtengo wa malowo ndipo liti, komanso kodi maminitsi a msonkhano umene unavomereza akusonyeza kuti khansala aliyense wokhudzidwa ndi kampaniyo anatuluka panja.

Lipoti la zachilengedwe

Apa ndi pamene milandu yambiri imathera, ndiye tikhalitsepo. Lipoti lounika mmene ntchito idzakhudzire chilengedwe ndi anthu limakhala lalikulu, masamba mazanamazana, ndipo kukula kwakeko kumagwetsa anthu ulesi. Musayambire kutsamba loyamba. Yambani ndi mafunso atatu: analemba ndani, analemba liti, ndipo anayerekeza ndi chiyani.

Nkhani ya ku Sea Point, mumzinda wa Cape Town, ikusonyeza chifukwa chake. Kumeneko kuli njira yotchuka ya oyenda pansi m'mphepete mwa nyanja, pamodzi ndi maiwe osambiramo anthu onse. Kampani ina inafuna kumanga hotela ndi masitolo pamalo a maiwewo, ndipo nduna ya chigawo yoona zachilengedwe inavomereza mu 2007. Gulu la anthu lotchedwa Seafront for All linakasuma, ndipo mu 2010 khoti lalikulu la Western Cape linafafaniza chilolezocho. Oweruza sananene kuti hotela ndi chinthu choipa. Anapeza kuti ndunayo sinaganizire mokwanira njira zina, makamaka njira yongosiya malowo mmene alili. Anapeza kuti inadalira lipoti la akatswiri amene akanapindula ntchitoyo ikanavomerezedwa. Anapezanso kuti inagamula potengera mfundo zakale, pamene zinthu m'deralo zinali zitasintha. Zolakwa zitatu zonsezi zinali m'mafayilo, poyera, kudikira munthu woleza mtima woti aziwerenge.

Za njira yosiya malo mmene alili, onetsetsani bwino. Olemba malipoti amakonda kuimaliza ndi ndime imodzi yonena kuti malowo akapanda kumangidwa apitiriza kuwonongeka. Kumeneko si kuyerekeza. Kuyerekeza koona kumafuna kuti awerenge anthu amene amagwiritsa ntchito malowo lero, anene mtengo wongowakonza popanda hotela, ndiponso aonetse malo ena amene hotelayo ikanamangidwa. Hotela ingathe kuima mamita 300 kumtunda n'kumapezabe alendo. Gombe silingasamuke.

Kenako pitani ku manambala, chifukwa ambiri mungathe kuwayesa nokha. Mthunzi ndi chitsanzo chosavuta. Nyumba ya nsanjika zisanu ndi imodzi imatalika pafupifupi mamita 20. Dzuwa likakhala pa madigiri 30 kuchokera pansi, mthunzi umatalika kuposa chinthucho ka 1.7, kutanthauza mamita pafupifupi 35. Ngati mchenga wouma ndi wa mamita 30 m'lifupi ndipo dzuwa limakhala kumbuyo kwa nyumbayo nthawi imene anthu amabwera, gombe lonse lilowa mumthunzi. Zithunzi zokongola za kampani zimajambulidwa ngati ndi masana a nyengo yotentha, dzuwa lili paliwombo. Pemphani zojambula za mthunzi za m'mawa ndi madzulo, m'mwezi umene dzuwa limayenda motsika kwambiri. Chitani chimodzimodzi ndi zonyansa za m'zimbudzi: zipinda zingati, malita angati patsiku, paipi yake ikulowera kuti, ndipo magetsi akazima pamalo opopera, zonyansazo zimasefukira kuti. Pagombe malo otsika kwambiri ndi nyanja, ndiye yankho mukulidziwa kale, koma n'kofunika kuti alilembe okha. Malo oimika magalimoto muwawerenge ndi chala, amene alipo lero ndi amene adzatsalire anthu wamba, osati chiwerengero chonse chophatikiza ndi a alendo a hotela.

Nkhani ya mchenga ndi imene anthu ambiri saidziwa, koma ndi imene imawononga kwambiri. Gombe silikhala malo amodzi. Mafunde akamafika mopendekeka amakankha mchenga pang'onopang'ono kutsata gombe, ndipo nyengo ya mkuntho amaukokera m'madzi n'kudzaubweza nyanja ikadekha. Milu ya mchenga ya kumbuyo kwa gombe ndiyo nkhokwe imene gombe limatapamo likaperewera. Mukamanga pamilu imeneyi mwatseka nkhokweyo. Pakapita zaka zingapo mafunde amafika pamaziko, mwini hotela amapempha khoma loteteza, ndipo palibe khonsolo imene imakana nyumba ya ndalama zambiri ili pangozi. Khoma limateteza za kumbuyo kwake zokha. Kutsogolo kwake mafunde amamenya n'kubwerera ndi mphamvu, kukumba mchenga wa patsinde, ndipo kumapeto kwa khomalo kukokoloka kumakula, mpaka woyandikana naye amafunanso lake. Akamanga mzere wa miyala wolowa m'nyanja kuti ugwire mchenga, mbali imodzi imadzaza pamene inayo ikuguga. Onjezani kukwera kwa madzi a m'nyanja zamchere, kumene bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo la IPCC limati kunali pafupifupi masentimita 20 pakati pa 1901 ndi 2018 ndipo kukupitirira mofulumirapo. Gombe limene lili ndi malo kumbuyo limangosunthira kumtunda. Limene lili ndi khoma kumbuyo limapanikizika mpaka kutha. Choncho funsani kuti mzere wa madzi umene uli pamapu a kampani unayezedwa chaka chiti, fananizani ndi zithunzi zakale zojambulidwa kuchokera m'mwamba, ndipo funsani kuti khoma likadzafunika adzalipira ndani. Lizi ikakhala chete pa funso limeneli, ndiye kuti adzalipira okhoma msonkho.

Malonjezo awiri

Pamsonkhano uliwonse mudzamva malonjezo awiri: ntchito zidzapezeka, ndipo anthu azidzafikabe kugombe monga kale. Lonjezo la ntchito musalinyoze. Amene akuliombera m'manja ndi anansi anu, ndipo ena a iwo akhala zaka osalandira malipiro. Gulu limene limayankha nkhani ya ntchito ndi nkhani ya mbalame zokha limagonja, ndipo mwina liyeneradi kugonja. Chofunika ndi kuligawa lonjezolo: ntchito zomanga, zimene zimatha nyumba ikatha, zikhale padera, ndipo zokhalitsa zikhale padera, ndi malipiro ake. Kenako werengani amene akudya za pamalopo lero, asodzi, ogulitsa malonda, ojambula zithunzi, obwereketsa mabwato, ophunzitsa kusambira. Amenewa sapezeka m'malipoti chifukwa alibe ofesi, koma akachotsedwa ntchito zawo ziyenera kuchotsedwa pa chiwerengero cha kampani.

Lonjezo la njira ndi loterera kwambiri, chifukwa njira siitsekedwa tsiku limodzi. Chaka choyamba imakhala yotsekula. Kenako pamabwera geti, ati chifukwa cha akuba. Kenako mlonda wofunsa kumene mukupita, kenako maola otsekulira, kenako mipando ndi maambulera olipiritsa kuyambira pakhoma mpaka m'madzi. Palibe amene wakuletsani, koma mayi amene ali ndi ana anayi ndi chakudya chochokera kunyumba amaona yekha kuti pano sakufunidwa, ndipo sabweranso. Ku Greece zinafika poti mu 2023 anthu a pachilumba cha Paros anayamba zionetsero zofuna malo oyala matawulo awo pamagombe amene malamulo amati ndi a onse. Lamulo la 2024 linalamula kuti magawo 70 pa 100 alionse a gombe azikhala opanda mipando yamalonda, ndipo mipandoyo izitalikira mamita 4 kuchokera kumadzi. Ku California, wamalonda wina wolemera, Vinod Khosla, anagula malo ozungulira Martins Beach mu 2008, ndipo pasanapite nthawi yaitali geti la msewu wokhawo wopita kugombeko linatsekedwa. Bungwe loteteza magombe la Surfrider Foundation linapambana kukhoti mu 2014 pa mfundo yooneka yaing'ono: pansi pa lamulo la magombe la 1976, kusintha mmene anthu amafikira kunyanja kumafuna chilolezo, mofanana ndi kumanga nyumba. Apilo ya Khosla inalephera mu 2017, ndipo khoti lalikulu la dziko la United States linakana kumva nkhaniyo mu 2018. Geti limodzi, zaka zonsezo.

Ngati zafika poti mukukambirana ndi kampani, lonjezo la pakamwa kapena la m'kabuku kotsatsa malonda lilibe ntchito, chifukwa mahotela amagulitsidwa ndipo mwini watsopano sanalonjeze kanthu. Njirayo ilembedwe m'chikalata cha umwini kapena mu lizi momwe, ijambulidwe pamapu, m'lifupi mwake mutchulidwe mamita, ndipo palembedwe kuti ndi yaulere, yotsekula usana ndi usiku, yopanda geti, yoti njinga ya olumala ingadutse. Palembedwenso chilango: akaitseka, lizi ithe.

Umboni wakuti anthu amagwiritsadi ntchito malowo uyenera kusonkhanitsidwa mwadongosolo, chifukwa kampani idzanena kuti ndi malo ongokhala, obisalamo zigawenga. Sankhani malo owerengera anthu, muziwerenga maola omwewo, masiku a ntchito ndi a kumapeto kwa sabata, nyengo yotentha ndi yozizira, ndipo muzilemba zimene akuchita. Pezani zithunzi zakale zokhala ndi madeti. Okalamba alembe zikalata zolumbira pamaso pa loya, zonena chaka chimene anayamba kubwera, zimene ankachita, ndiponso ngati wina anawaletsapo kapena kuwapatsa chilolezo. M'mayiko ena umboni wotere umabala ufulu. Ku Oregon, chigawo cha dziko la United States, mwini motelo wina ku Cannon Beach anatchinga mchenga wouma mu 1966. Chaka chotsatira kunabwera lamulo loteteza magombe, ndipo mu 1969 khoti lalikulu la chigawocho linagamula kuti anthu ali ndi ufulu pamchengawo chifukwa akhala akuugwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Ku England, malo amene anthu a m'dera asewerapo kwa zaka 20 popanda kuumiriza, kubisala kapena kupatsidwa chilolezo angathe kulembetsedwa kuti asamangidwe. Koma taonani misampha yake. Kuyambira 2013, pempho lotere silingaperekedwe ngati pempho la kampani lomanga lalengezedwa kale. Ndipo anthu a ku Newhaven anagonja mu 2015 pa nkhani ya West Beach, mwa zina chifukwa khoti linati ankasambirapo mololedwa ndi malamulo a doko, osati mwa ufulu wawo. Amene akufuna kuteteza gombe lawo mwanjira imeneyi ayambe kampani isanaonekere.

Tinene pang'ono za zikalata zosainira anthu ambiri. Zimathandiza kwa atolankhani ndi kwa makhansala amene akuganiza za chisankho chikubwerachi. Koma maofesi ambiri oona mapulani amawerenga chikalata cha masiginecha 5,000 ngati dandaulo limodzi, ndipo makalata ofanana mawu ndi mawu amawaika mulu umodzi. Makalata 200 osiyana, aliyense ndi dzina, keyala, nambala ya pempho la kampani ndi chifukwa chake, amalemera kwambiri. Chifukwacho chikhale chimene lamulo limalola ofesi kuganizira: kusemphana ndi pulani ya mzinda, kutsekeka kwa njira, magalimoto, zonyansa, kukokoloka. Kunena kuti mwini kampani ndi wadyera kapena kuti nyumba yanu itsika mtengo n'kungotaya inki. Palinso chifukwa china cholembera. M'malamulo ambiri, amene sanadandaule pa nthawi yake alibe mwayi wochita apilo, ndipo mfundo imene simunaitchule poyamba imavuta kuibweretsa kukhoti.

Nanga olankhulira gulu akhale ndani? Apa magulu ambiri amadzipweteka okha. Amene amayamba kudandaula nthawi zambiri ndi eni nyumba zoyang'ana kunyanja, chifukwa ndiwo ali ndi nthawi, maloya ndi zotaya. Palibe cholakwa, koma akakhala okha kutsogolo kampani imangonena kuti awa ndi olemera amene akuteteza mawindo awo, ndipo anthu amakhulupirira, chifukwa pena zimakhala zoona. Gombe la onse limatetezedwa bwino ndi amene amabwera pa basi kuchokera kutali, asodzi, magulu a mapemphero, achinyamata a masewera. Amenewa akhale mu komiti ndi mavoti awo, osati kungoitanidwa tsiku lojambulitsa. Gwirizananinso msanga, polemba, chimene mukufuna: kukana zonse, kapena kulola kanyumba kakang'ono pa mfundo zakutizakuti. Tsiku lidzafika loti kampani ichotse nsanjika ziwiri papulani n'kulonjeza bwalo la masewera, ndipo gulu limene silinakambirane zimenezi limagawikana sabata yomweyo. Si zachilendo kuti pulani yoyamba ikhale yokulitsidwa dala kuti yachiwiri ioneke ngati kugonja.

Ndalama za gulu zikhale ku akaunti ya kubanki ya osainira awiri kapena atatu, ndipo malisiti azionetsedwa pamsonkhano uliwonse, chifukwa mphekesera yakuti atsogoleri adya ndalama imapha gulu msanga kuposa loya aliyense. Lembetsani gululo mwalamulo kuti milandu izibwera m'dzina lake, osati m'dzina la wapampando. Ndipo samalani pakamwa. Makampani ena amasumira otsutsa milandu yoipitsa mbiri, osati kuti apambane koma kuti awatopetse ndi kuopseza ena. Mayiko ena ali ndi malamulo othetsa milandu yotere msanga, ndipo European Union inakhazikitsa lake mu 2024, koma chitetezo chenicheni ndi kulankhula zokhazo zimene muli ndi pepala lake. Musanene pa Facebook kuti khansala wakutiwakuti walandira ziphuphu. Nenani kuti maminitsi a tsiku lakuti sakusonyeza kuti anatuluka m'chipinda, ndipo ikani tsambalo.

Kukhoti

Khoti silifunsa ngati ganizo la boma linali lanzeru. Limafunsa ngati amene anagamula anali ndi mphamvu zotero, ngati anatsata ndondomeko, ngati anamva anthu, ndiponso ngati anaganizira zonse zimene lamulo limamuuza kuganizira. N'chifukwa chake mafayilo aja, makalata odindidwa aja ndi madeti aja ndiwo mlandu wanu. Nthawi yake ndi yochepa: ku South Africa ndi masiku 180, pamene ku England, pa nkhani za mapulani a zomanga, ndi milungu isanu ndi umodzi yokha. Funsani loya za nthawi ya m'dziko lanu tsiku limene chilolezo chatuluka, osati tsiku limene mathirakitala afika. Mufunsenso mosabisa kuti mukagonja mudzalipira zingati, chifukwa m'mayiko ambiri wogonja amalipira maloya a mnzake, ngakhale makhoti ena amachitira chifundo milandu yokomera anthu onse.

Kusuma pakokha sikuimitsa ntchito. Pamafunika chiletso chapadera, ndipo chipemphedwe nthawi yomweyo, chifukwa nyumba ikamera oweruza amayamba kuyeza ndalama zimene zalowa kale. Madzi akatayika saoleka. Ku Carboneras, m'chigawo cha Almería ku Spain, hotela ya El Algarrobico, ya nsanjika 21 ndi zipinda 411, inayamba kumangidwa mu 2003 pafupi kwambiri ndi madzi, m'dera lotetezedwa la Cabo de Gata-Níjar. Woweruza anaimitsa ntchito mu 2006 nyumbayo itatsala pang'ono kutha. Kuchokera apo makhoti anagamula kangapo mokomera otsutsa, koma patapita zaka zoposa 15 chinyumbacho chinali chidakaima, chopanda mlendo ngakhale mmodzi, gombe litawonongeka kale. Ku Beirut, otsutsa anapeza chiletso cha kanthawi mu 2017 pa hotela ya Eden Bay, pagombe la Ramlet al-Baida, koma chiletsocho chinachotsedwa ndipo hotelayo inatsekulidwa mu 2018. Kugwetsa kumachitika, koma mwa apo ndi apo. Ku Maradu, pafupi ndi Kochi ku India, nyumba zosanjikizana za m'mphepete mwa madzi zinaphulitsidwa mu Januwale 2020 potsatira lamulo la khoti lalikulu la dzikolo, ndipo amene anasowa pokhala anali mabanja amene anagula nyumbazo.

Mukapambana kukhoti, dziwani chimene mwapambana. Chilolezo chafafanizidwa, koma malo akadali a khonsolo, ndipo kampani yomweyo kapena ina ingathe kubweranso ndi lipoti lokonzedwa bwino. Miyezi yotsatira chigamulo, pamene anthu akadali ndi chidwi ndipo andale akufuna kuoneka kuti anali nanu, ndiyo nthawi yosintha malamulo a malowo: alembedwe mu pulani ya mzinda ngati malo otsekula a anthu onse, mawu oletsa kumanga alowe m'chikalata cha umwini, kapena aperekedwe ku bungwe limene lamulo silililola kugulitsa. France inakhazikitsa bungwe lotere, la Conservatoire du littoral, mu 1975 kuti lizigula malo a m'mphepete mwa nyanja n'kuwasunga. Anthu a ku California anatopa ndi kulimbana ndi pempho limodzilimodzi, ndipo mu 1972 anavotera lamulo lotchedwa Proposition 20, limene linabala bungwe loyang'anira gombe lonse. Ku Hong Kong, lamulo la 1997 linati kukwirira madzi a padoko la Victoria kuti papezeke malo omangapo kuziyamba kwaonedwa ngati kosaloledwa, ndipo mu 2004 khoti lomaliza linagamula kuti boma liyenera kusonyeza, ndi umboni wogwira mtima, kuti pali chosowa chachikulu cha anthu chimene sichingakwaniritsidwe mwanjira ina. Kusintha kwake kunali kwakuti wofuna kumanga ndiye ankayenera kudzifotokoza, osati wokana.

Chotsala ndi chimene chimabweretsa mapempho otere poyamba: kunyalanyaza. Zimbudzi zikatsekedwa, magetsi akafa, zinyalala zikaunjikana ndipo anthu akayamba kuopa kupitako madzulo, aliyense wobwera ndi chithunzi chokongola amaoneka mpulumutsi. Kaya khonsolo imachita dala kapena ilibedi ndalama, zotsatira zake n'zimodzi. Gulu limene lakana hotela liyenera kubwera ndi pulani yake yokhala ndi mitengo: kukonza zimbudzi, kuika magetsi, kulemba ntchito opulumutsa osambira, ndi kumene ndalamazo zidzachokere. Malonda ang'onoang'ono sali mdani. Timashopu tochotseka, ta lizi ya zaka zitatu kapena zisanu, tokhala kumbuyo kwa milu ya mchenga, tingathe kulipira zambiri mwa zimenezi, bola lendi yake ilembedwe kuti izigwira ntchito pagombe pomwepo osati kulowa m'thumba lalikulu la khonsolo. Ndipo komiti isathe. Pakhale munthu mmodzi amene mwezi uliwonse amawerenga mndandanda wa zokambirana za khonsolo ndi zidziwitso za boma, akufufuza nambala ya puloti ija, popeza pempho lotsatira lidzatuluka ndi nambalayo osati ndi dzina la gombe.